Chinenero cha kwathu m'kalata yopempha malo a maphunziro

Wachinyamata amene watsiriza kalasi 12 m'dziko lathu la Moçambique, nafuna kupitiriza maphunziro, kawirikawiri amadzera pa chipata cha mayeso olowera, kaya akupita ku Universidade Púnguè, ku Instituto Superior Politécnico de Tete, kapena ku sukulu zosula aphunzitsi zimene timazitcha IFP. Koma chiliponso chipata china chimene ana athu akuchipeza mowirikiza masiku ano. Chipata chimenechi ndi kalata yofotokoza mbiri ya maphunziro a munthu ndi chifukwa chimene akufunira malo, imene pa Chipwitikizi timati carta de motivação. Amaifuna ambiri mwa opereka thandizo la ndalama za maphunziro, masukulu a kunja, ndiponso oyang'anira maphunziro a digiri yachiwiri. Mapulogalamu a Chevening a ku Britain ndi Fulbright a ku America salandira munthu popanda nkhani zotere, ndipo fomu ya Common Application, imene makoleji ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, imapatsa wopempha mawu osapitirira 650 kuti adzifotokoze.

Pa ntchito yanga yosula aphunzitsi ndimawerenga makalata otere ambiri. Ena amabwera ndi ophunzira anga, ena ndi ana a anansi kuno ku Francisco Manyanga. Pafupifupi onse amayamba mofanana: ndinayamba maphunziro anga chaka chakuti pa sukulu yakuti, kenaka ndinapita pa sukulu yakuti, ndinakhoza bwino, ndipo ndikufuna kutukula dziko langa. Mungawerenge makalata khumi osapezamo liwu ndi limodzi lomwe lonena za chinenero chimene wolembayo ankalankhula pamene ankalowa m'kalasi tsiku loyamba. Ine ndikuti kusiya nkhani imeneyi kumafooketsa kalata, ndipo kumaonetsa bala limene ife aphunzitsi tili ndi udindo wolipoletsa. Mwana aphunzitsidwe kulemba mbiri ya maphunziro ake kuyambira pa chinenero cha kwawo, ndipo poyamba ailembe m'chinenero chomwecho.

Chimene chimasowa m'makalata

Kalembera wa mu 2017 anaonetsa kuti anthu 16.6 pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ali ndi Chipwitikizi monga chinenero chawo choyamba. Mu 2007 anali 10.7, ndipo mu 1980 anali 1.2 okha. Chiwerengerochi chikukwera, makamaka m'mizinda, komabe tanthauzo lake n'loti ana ochuluka kwambiri amafika pa sukulu akulankhula chinenero china. M'chigawo chathu cha Tete mwana wa mumzinda ndi wa ku Changara amabwera ndi Chinyungwe, wa ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amabwera ndi Chinyanja, wa ku Mutarara amabwera ndi Chisena, wa cha ku Zumbo amabwera ndi Chinsenga. Kwa mwana wotere, chochitika chachikulu koposa pa maphunziro ake onse ndicho kuwoloka kuchoka ku chinenero cha pakhomo kupita ku chinenero cha sukulu. Pamenepo m'pamene ena anamira, ena anakakamira zaka ziwiri m'kalasi imodzi, ena anawoloka. Munthu amene wafika kalasi 12 anawoloka, ndipo mmene anawolokeramo ndi nkhani yoyenera kuuzidwa. Komatu iyo ndiyo imene amaisiya.

Kukhala chete kumeneku kuli ndi gwero lake. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda amene ankafuna kuwerengedwa ngati assimilado ankayenera kusonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi ndipo wasiya miyambo ya makolo ake. Lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, koma maganizo ake anatsala. Titalandira ufulu pa 25 June 1975, Chipwitikizi chinasankhidwa kukhala chinenero cha boma ndi cha umodzi wa dziko, ndipo kwa zaka zambiri chinali chokhacho chophunzitsira. Zinenero zathu zinkatchedwa dialecto, ndipo ambiri a ife tikukumbukira masukulu amene mwana ankalangidwa akamveka akulankhula cha kwawo. Mwana amene waleredwa chotero amakula akukhulupirira kuti maphunziro ake anayamba tsiku limene anatchula liwu loyamba la Chipwitikizi, ndi kuti zaka zisanu ndi chimodzi za m'mbuyomo zinali mdima. Akamalemba kalata, amangotsata chimene anaphunzitsidwa.

Dziko linasintha kale njira

Chodabwitsa n'choti malamulo anatsogola, ife n'kutsalira. Pakati pa 1993 ndi 1997 bungwe la INDE linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri kudzera m'ntchito yotchedwa PEBIMO. Zigawo ziwiri zokha ndizo zinasankhidwa: Gaza ndi Chichangana, ndi Tete wathu yemweyu ndi Chinyanja. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'masukulu osankhidwa a boma, ndi zinenero 16, zimene pambuyo pake zinafika 19. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zinenero za dziko monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Lamulo 18/2018 la pa 28 December linaika maphunziro a zinenero ziwiri m'dongosolo la maphunziro a dziko, ndipo pali ndondomeko yowafalitsira ya zaka za 2020 mpaka 2029. Kalembedwe ka zinenero zathu nakonso kanakonzedwa pa misonkhano ya mu 1988, 1999 ndi 2008, motsogozedwa ndi akatswiri a ku Universidade Eduardo Mondlane.

Tiwerenge zaka. Mwana amene analowa kalasi yoyamba mu 2003, ngati sanabwereze, anatsiriza kalasi 12 mu 2014. Ana a PEBIMO lero ndi makolo. Ndiye kuti alipo kale pakati pathu anthu amene anaphunzira kuwerenga m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe m'sukulu ya boma, ndipo ena a iwo akupempha malo m'masukulu apamwamba. Aliponso ana a mabanja amene anathawira ku Malawi pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, amene makolo awo anadziwira kuwerenga m'Chichewa ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, nabwera nako kuwerengako kudzaphunzitsa ana awo pakhomo. Zonsezi ndi mbiri ya maphunziro, ndipo ndi mbiri ya dziko lathu. Mwana akaibisa, wabisa chinthu chimene boma lomwe linachivomereza.

Chimene wowerenga kalata amafuna

Amene amawerenga makalata opempha malo ali nayo kale satifiketi ya wopemphayo. Mayina a masukulu, zaka ndi malikisi akuziona pamenepo. Kalata ikangobwereza zomwezo, yataya mwayi wake. Chimene wowerengayo akufuna kudziwa n'choti munthuyu amaphunzira motani, akakumana ndi chovuta amatani, ndipo kodi amatha kusinkhasinkha za moyo wake. Mafunso amenewa sayankhidwa ndi mawu oti ndine wakhama. Amayankhidwa ndi chochitika chenicheni.

Tiyerekeze makalata awiri. Woyamba walemba kuti ankakonda masamu kuyambira ali mwana. Wachiwiri walemba kuti anayamba kuwerengetsa m'Chinyanja pothandiza amayi ake kugulitsa mbatata ndi kabichi pa msika wa ku Ulónguè, kuti atalowa sukulu ankadziwa yankho koma osadziwa funso chifukwa linali m'Chipwitikizi, ndipo kuti anayamba kulemba kumapeto kwa kope lake liwu lililonse la masamu pamodzi ndi tanthauzo lake m'chinenero cha kwawo, mpaka anzake anayamba kubwereka kopelo. Wachiwiriyu sananene kuti ndi wanzeru, koma wowerenga waona yekha munthu wodziwa kupeza pamene pali vuto, wopanga njira yake, ndi wothandiza anzake. Onse awiri mwina anadutsa njira yomweyo. Kusiyana kwawo n'koti mmodzi analoledwa kuiona njirayo ngati maphunziro.

Anthu amene mbiri za maphunziro awo zinamveka kutali sanayambire pa khomo la sukulu ya sekondale. Eduardo Mondlane, wobadwa mu 1920 ku Manjacaze, anali m'busa wa ziweto asanalowe masukulu a mishoni ya Aswisi, ndipo ubwana wake ndiwo unakhala maziko a buku la Chitlangou limene André-Daniel Clerc anatulutsa mu 1946, zaka zisanu Mondlane asanapite ku Oberlin College ku America. Legson Kayira wa kumpoto kwa Malawi ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro. Ali ku Kampala anapeza m'laibulale buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera kalata Skagit Valley College, ndipo anamulandira. Nkhani yake anailemba m'buku la I Will Try mu 1965. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, naphunzira kupanga makina a magetsi oyendera mphepo poyang'ana zithunzi za m'buku la Chingerezi chimene sankachimva bwino, ndipo anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014. Atatu onsewa anamveka chifukwa anafotokoza kumene anachokera mosabisa ndi mwatsatanetsatane.

Chifukwa chake ayambe kulemba m'chinenero chake

Kalata yomaliza idzapita m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, pakuti ndizo zinenero za oiwerenga. Palibe akukana zimenezo. Koma kulemba kuli ndi ntchito ziwiri: kupeza chonena, ndi kupeza kanenedwe. Wophunzira akakakamizidwa kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi m'chinenero chimene amachiopa, amasiya kufunafuna chonena n'kuthamangira ziganizo zimene akudziwa kuti zilibe cholakwa. N'chifukwa chake makalata amafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ena amafika pokopera chitsanzo pa intaneti n'kungosintha dzina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: Chipwitikizi chake chimakhala chosalala, koma mulibe munthu.

Zimene munthu anakumana nazo ali mwana zimasungika pamodzi ndi mawu amene anazimvera. Mawu a agogo pa nthano za madzulo, mwambi umene bambo ankanena mwana akalephera, dzina lachipongwe limene anzake anamupatsa atalakwitsa liwu la Chipwitikizi, zonsezi zimabwera msanga munthu akamalemba m'chinenero chimene zinachitikira. Zikatuluka n'kukhala pa pepala, kuzitembenuza ndi ntchito yotheka, ndipo kutembenuzako ndi phunziro lina lakuya. Katswiri wa ku Canada, Jim Cummins, anafotokoza mu 1979 kuti luso limene mwana walipeza m'chinenero choyamba limasamukira ku chinenero chachiwiri. Mfundo imeneyi timaiphunzitsa ponena za kuwerenga kwa ana aang'ono. Imagwiranso ntchito pa wachinyamata wa zaka 18: wodziwa kuyala nkhani yake m'Chinyanja, kusankha chofunika ndi kutaya chosafunika, adzachita chimodzimodzi m'Chipwitikizi.

Zimene ena amanena potsutsa

Alipo aphunzitsi anzathu amene amati kutchula chinenero cha kumudzi m'kalata n'kudzitchera msampha, pakuti wowerenga angaganize kuti wopemphayo Chipwitikizi chake n'choperewera. Mantha amenewa si opanda pake; tsankho lotere lilipo. Koma umboni wa Chipwitikizi cha munthu ndi kalata yomweyo. Ikalembedwa bwino, wowerenga aona munthu wa zinenero ziwiri kapena zitatu, ndipo m'ntchito zambiri limeneli ndi phindu loonekeratu. Namwino amene adzatumizidwa ku Macanga, mlangizi wa zaulimi ku Tsangano, woweruza milandu ku Mutarara, onsewa adzatumikira anthu amene ambiri salankhula Chipwitikizi. Wopempha malo a uphunzitsi ndiye koposa, pakuti masukulu a zinenero ziwiri sangafalikire popanda aphunzitsi odziwa kuwerenga ndi kulemba zinenerozo.

Ena amati nkhani zotere zimasanduka kudandaula ndi kupempha chifundo. Apa pali choonadi, ndipo tiyenera kuchenjeza ophunzira athu. Kalata yongofotokoza umphawi, mtunda wa ku sukulu ndi kuphunzirira pansi pa mtengo imatopetsa wowerenga, ndipo imachepetsa ulemu wa wolemba. Chovuta chitchulidwe mwachidule, ndipo malo ambiri apatsidwe ku chimene munthuyo anachita ndi chimene anaphunzirapo. Chinenero cha kwawo chisalowe m'kalata ngati chilema chimene anachigonjetsa. Chilowe monga chida chimene anagwiritsa ntchito ndipo akali nacho.

Enanso amati nthawi ndi yochepa, ndipo ophunzira ambiri sanaphunzirepo kulemba chinenero chawo. N'zoona kuti ambiri amachilankhula koma sanachilembepo kupatula pa mauthenga a pa foni. Komabe zolemba zoyamba sizifuna kalembedwe kangwiro, pakuti cholinga chake ndi kutulutsa nkhani. Wophunzira wa ku IFP akayamba kufunsa kuti liwu lakuti limalembedwa bwanji, ndiye kuti khomo lophunzitsira kalembedwe kovomerezeka latseguka lokha, ndipo phunzirolo amalilandira ndi njala. Aliponso ana a mumzinda muno amene anakulira m'Chipwitikizi, Chinyungwe n'kumangochimva kwa agogo. Iwowa alembe m'chinenero chimene ali nacho pafupi, ndipo afotokoze moona mmene zinakhalira. Imeneyonso ndi mbiri ya zinenero, ndipo mphunzitsi wotere ayenera kuidziwa asanakaime pamaso pa ana a kumudzi.

Mmene tingaphunzitsire

Ntchitoyi ingathe kugawidwa m'masabata anayi, ola limodzi kapena awiri pa sabata. Sabata yoyamba ikhale ya pakamwa. Ophunzira akhale awiriawiri, afunsane m'chinenero chimene asankha. Ndani anakuphunzitsa chinthu choyamba chimene ukuchikumbukira, ndipo ankalankhula chinenero chanji? Tsiku loyamba la sukulu unamva chiyani mwa zimene aphunzitsi ankanena? Ndi liti pamene unazindikira kuti ukutha kuwerenga, ndipo unawerenga chiyani? Ndi phunziro liti limene linakukanika, ndipo unatani? Ndani amene iwe unamuphunzitsapo kanthu? Wofunsayo alembe mayankho mwachidule n'kupatsa mnzake. Amene angathe akafunsenso makolo kapena agogo, pakuti zambiri za zaka zoyambirira amazisunga ndi iwo.

Sabata yachiwiri aliyense alembe nkhani yake yonse m'chinenero chake, masamba awiri kapena atatu, osaopa zolakwa. Mphunzitsi asagwire cholembera chofiira pa gawo limeneli. Awerenge, kenaka afunse funso limodzi lokha: mwa zonsezi, n'chiyani chimene chikanapanda kuchitika, iwe sukanakhala pano lero? Yankho la funso limeneli ndilo msana wa kalata.

Sabata yachitatu ndi yosankha ndi kutembenuza. Pa zochitika zambiri atengepo ziwiri kapena zitatu zogwirizana ndi maphunziro amene akupempha. Wofuna zaulimi ku Ulónguè sangasankhe zofanana ndi wofuna zamigodi ku Tete. Potembenuza asatsate liwu ndi liwu. Afunse kuti munthu wa Chipwitikizi angainene bwanji mfundo imeneyi. Mwambi wa kwathu ungalowe, koma umodzi wokha, ndipo ufotokozedwe. Apa kugwira ntchito m'magulu kumathandiza, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Sabata yachinayi ndi yosalaza. Tsopano cholembera chofiira chibwere. Kalata ikhale ndi zigawo zomveka: kumene munthu wachokera, chimene waphunzira panjira, chimene akufuna kuphunzira ndi chifukwa chake pa sukulu imeneyo, ndi kumene akufuna kukagwiritsa ntchito maphunzirowo. Ngati apereka malire a mawu, asawapitirire. Mayina a masukulu ndi zaka zigwirizane ndi za pa satifiketi. Asalembe chabodza ngakhale chimodzi, pakuti ambiri opereka thandizo amaitana munthu kudzamufunsa pamaso, ndipo nkhani yobwereka imathawa mwini wake pa funso lachiwiri. Pomaliza aiwerenge mokweza pamaso pa mnzake amene anamufunsa sabata yoyamba, kuti anene ngati akumuzindikiramo.

Ntchito yomweyi ingachepetsedwe kuti iyenere ana a pulayimale. Mwana wa kalasi 3 angalembe ziganizo zisanu za amene anamuphunzitsa kanthu kunyumba. Wa kalasi 6 angalembe tsamba limodzi m'chinenero chake ndi kulitembenuza. Gawo la maphunziro a m'deralo, limene dongosolo la mu 2004 linalipatsa 20 pa 100 ya nthawi, ndi malo ake oyenera. Aphunzitsi a mu ZIP imodzi angagwirizane kusunga zolembazi chaka ndi chaka, kuti mwana podzafika ku sekondale akhale ndi thumba la nkhani zake. M'mera m'poyamba.

Kwa ife osula aphunzitsi

Phindu la ntchitoyi silithera pa malo a ku yunivesite kapena pa thandizo la ndalama. Ophunzira ambiri amene timawasula sadzalemba kalata yopita ku London kapena ku Lisboa. Adzapita ku Chiúta, ku Marávia, ku Chifunde, kukalandira ana a zaka zisanu ndi chimodzi amene sadziwa liwu la Chipwitikizi. Mmene mphunzitsi amaonera ubwana wake ndi mmenenso adzaonera ana amenewo. Ngati amakhulupirira kuti iye anafika pa sukulu wopanda kanthu, adzawalandira ngati zitini zopanda kanthu, ndipo ngakhale titamupatsa mabuku a Chinyanja adzawatsekera m'kabati. Ngati wakhala pansi n'kulemba zimene ankadziwa asanalowe sukulu, mayina a mitengo ndi a mbalame, kuwerenga mbuzi madzulo, ndagi ndi nthano, adzayamba phunziro lake pofunsa ana zimene akudziwa kale.

Chotero ndikupempha anzanga osula aphunzitsi kuti mbiri ya maphunziro ikhale ntchito yoyamba ya wophunzira aliyense wolowa IFP, ilembedwe m'chinenero chake, isungidwe, ndipo ailembenso chaka chake chomaliza atabwerako ku masukulu oyeserera. Ife tomwe tiyambe talemba zathu, ndi kuziwerenga pamaso pa ophunzira athu m'Chinyanja, m'Chinyungwe kapena m'Chisena. Wophunzira akamva mphunzitsi wa digiri akufotokoza mopanda manyazi amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi chinenero chimene anawerengera, adzalimba mtima kulemba zake, ndipo kalata imene adzatumize idzakhala yakeyake.